Dzina langa linanyamuka, ine n'kutsala pa Lumbadzi

Mtsikana wa pa kauntala analandira pasipoti yanga ndi manja awiri n'kuipititsa m'kampata ka pa kompyuta yake. Anayang'ana pa sikirini, anayang'ana ine, n'kuipititsanso kachiwiri. Zikwama zanga zinali kale pa sikelo, china cha zovala, china chodzaza ufa woyera, usipa wouma ndi nsinjiro zimene mwana wanga anandipempha.

"Amayi, tikitiyi anakugulirani ndani?"

"Ndinagula kwa ejenti, mwanangu. Chavuta n'chiyani?"

"Dzina lili pa tikiti si limene lili mu pasipoti yanu."

Linali Lamulungu lina la mwezi wa Sepitembala 2024, pa bwalo la ndege la Kamuzu. Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndimakhala ku Area 25 mu Lilongwe, ndipo tsikulo ndinkapita ku Manchester kwa mwana wanga woyamba, namwino, amene anali atatopa, masiku ake ochira atayandikira. Ndalemba izi chifukwa chinandigwerachi chikhoza kugwera aliyense wogula tikiti ya ndege kudzera mwa munthu wina, ndipo ambiri a ife timagula choncho.

Nkhani ya dzina ili motere. Pasipoti yanga yakale inali ndi dzina la malemu amuna anga, monga momwe anthu onse amandidziwira kumpingo ndi kusukulu. Koma mu 2017, pa kalembera wa chiphaso cha unzika, ndinalembetsa dzina la bambo anga, limene lili pa masatifiketi anga onse a sukulu. Pasipoti yakale itatha, yatsopano inatuluka motsatira chiphaso cha unzikacho. Viza ya ku Britain nayo inamatidwa mu pasipoti yatsopano, m'dzina la bambo anga. Kwa ine munthu anali mmodzi yemweyo, ndipo sindinaganizepo kawiri.

Tikiti anandigulira mnyamata wina amene amagula matikiti a anthu ambiri kudera kwathu. Alibe ofesi, ofesi yake ndi foni, koma mitengo yake imakhala yotsikirapo, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 aliyense ankasaka potsika. Nditafuna kumutumizira chithunzi cha pasipoti anati, "Musavutike amayi, ndili nayo kale mu foni." Ankanena yakale ija, imene ndinamutumizira pa ulendo wa ku Johannesburg zaka zingapo m'mbuyomo. Tikiti itabwera pa WhatsApp ndinayang'ana tsiku, nthawi ndi makilogalamu a katundu. Dzina ndinaliona, koma poti ndi dzina limene ndakhala ndikuyankha kwa zaka makumi atatu, maso anangodutsa.

Mtsikana wa pa kauntala uja anaitana mkulu wawo, bambo wodekha amene anandikokera pambali kuti mzere uyende. Anandifotokozera kuti chikanakhala chilembo chimodzi kapena ziwiri akanaona chochita, koma dzina lonse la makolo sangalisinthire pa kauntala. Tikiti yogulidwa kwa ejenti amaikonza ndi ejenti yemweyo. Anawonjezera chinthu chimene sindinkadziwa n'komwe: pa nambala ya bukingi yanga panali anthu atatu, ine ndi abambo ena awiri. Kenaka ananena mawu amene panthawiyo sindinawamvetse. Anati, "Amayi, ife sitikweza munthu mwa ife tokha. Maina a onse okwera amapita ku Britain ndege isananyamuke. Ine sindingatumize dzina lina pamene viza ikunena dzina lina."

Ndinaimbira mnyamata uja kambirimbiri. Foni inali yozima. Mchimwene wanga amene anandiperekeza anathamangira ku ofesi yogulitsa matikiti pabwalo pomwepo, koma mtengo wa tikiti yatsopano ya tsiku lomwelo sitikanaukwanitsa ngakhale titapukuta matumba tonse. Ndege ija ndinaimva ikunyamuka nditakhala m'galimoto pamalo oimikapo magalimoto, chikwama cha ufa chili pamiyendo panga. Sindinalire mpaka pamene mwana wanga anaimba n'kufunsa kuti, "Amama, mwalowa?"

Mawa lake mkamwini wanga anagula tikiti ina pa intaneti ndi khadi lake la ku banki, akuwerenga dzina langa chilembo ndi chilembo kuchokera pa chithunzi cha pasipoti yatsopano. Ndalama zimenezo zinali zoti agulire zofunika za khanda. Ndinanyamuka patatha masiku atatu, kudzera ku Addis Ababa, ndikuganiza kuti vuto latha.

Ku Manchester wapolisi wa pachipata anaona pasipoti, anandiuza kuika zala pa kagalasi, kenaka anati ndikhale kaye pa mipando ya pambali. Ndinakhalapo ola ndi theka. Amene anabwera kudzandifunsa anali mayi wachikulirepo, waulemu, ndipo anandipatsa madzi akumwa. Koma mafunso ake anandizizira m'nkhongono, chifukwa sanali mafunso a munthu wofuna kudziwa. Anali a munthu amene akudziwa kale ndipo akufuna kumva ngati ndinena zoona.

Tikiti mwagula liti? Walipira ndani, ndipo ndi ndani wanu? Munayamba mwagwiritsapo ntchito dzina lina? Apa anatchula dzina la malemu amuna anga. Lamulungu lapitali munayenera kubwera, chinachitika n'chiyani? Kenaka anatchula maina awiri a abambo n'kufunsa kuti ndi ndani anga.

Ndinati sindikuwadziwa. Anakweza maso n'kundiyang'ana. Ndinaona ndekha momwe yankho langalo likumvekera: mayi wa maina awiri, amene anabukitsa ulendo limodzi ndi abambo awiri, sanakwere, wagula tikiti ina mwadzidzidzi, ndipo tsopano akuti abambowo sakuwadziwa. Chinandipulumutsa n'chakuti mwana wanga anali atandiumiriza kunyamula pasipoti yakale ndi kalata ya ukwati. Ndinazitulutsa, ndinafotokoza nkhani yonse kuyambira pa kalembera wa 2017, ndinamuonetsa mauthenga a pa WhatsApp a pakati pa ine ndi ejenti. Anaimbira mkamwini wanga amene ankadikira panja. Atabwerako anandibwezera pasipoti n'kundifunira mafuno abwino a mdzukulu.

Mdzukuluyo anabadwa patatha sabata. Usiku wa m'chikuta ndi wautali, ndipo nthawi zambiri ndinkakhala maso ndi khanda pachifuwa kuti amake agoneko. Funso limodzi silinkandichoka: mayi uja anadziwa bwanji zonsezi? Mkamwini wanga anayamba kundifotokozera, ndipo zina tinkawerenga limodzi pa foni. Zimene ndinapeza ndi izi.

Munthu akamayenda pa ndege kupita kudziko lina, pali mitolo iwiri ya uthenga wonena za iye imene kampani ya ndege imatumiza ku boma. Woyamba amautcha API. Tsegulani pasipoti yanu pa tsamba la chithunzi, muona mizere iwiri pansi, yodzaza zilembo, manambala ndi tizizindikiro tangati mivi. Mzere uliwonse uli ndi malo 44. Mmenemo muli dzina, nambala ya pasipoti, dziko, tsiku lobadwa, ngati ndinu mwamuna kapena mkazi, ndi tsiku limene pasipoti idzathe. Ndiyo mizere imene mtsikana uja ankapititsa m'kampata. Zimenezi pamodzi ndi nambala ya ndege zimatumizidwa kudziko limene mukupita, ndipo maiko ena amayankha nthawi yomweyo kuti munthuyu akwere kapena asakwere. Britain ili ndi dongosolo lotere, limene lili pansi pa lamulo lake lothana ndi uchigawenga la 2015, ndipo kampani yokweza munthu amene yauzidwa kuti isamukweze imalipitsidwa chindapusa.

Mtolo wachiwiri ndiwo unandikhazika pa mipando ija. Amautcha PNR. Ndi ka nambala ka zilembo zisanu ndi chimodzi kamene kamakhala pamwamba pa tikiti, kamene ambiri timangokaona ngati nambala ya lisiti. Kuseri kwa kanambalako kuli faelo yonse ya ulendo: tsiku limene tikiti inabukitsidwa, ejenti amene anabukitsa, nambala ya foni ndi imelo zimene zinalembedwa, njira yolipirira, anthu ena amene ali pa bukingi yomweyo, mpando, zikwama, kusintha kulikonse kumene kunachitika, ndiponso ngati munthuyo sanafike kudzakwera. Ngakhale pempho la chakudya chapadera kapena la njinga ya olumala limalembedwa momwemo. Ine ndinapempha njinga ku Addis Ababa chifukwa cha mawondo, ndiye kuti mawondo anga nawonso ali m'faelo. Uthengawu suyembekeza kuti mufike pabwalo. Umayamba kutumizidwa tsiku lonyamuka lisanakwane, inu mukadali kunyumba mukusita zovala.

Ndinkaganiza kuti ndi nkhanza za dziko limodzi, koma ayi. America ndiyo inayamba kukakamiza makampani a ndege kupereka uthengawu, ndi lamulo la mu Novembala 2001, patangopita miyezi iwiri chichitikireni chiwembu cha zigawenga cha pa 11 Sepitembala. Mu 2014 nthambi ya zachitetezo ya United Nations, mu chigamulo nambala 2178, inapempha maiko kuti azilandira API, ndipo mu Disembala 2017 chigamulo nambala 2396 chinalamula maiko onse a m'bungweli kuti akonze njira zolandirira ndi kusanthula PNR. Malawi ndi membala, kotero lamulolo likutikhudza ifenso. Maiko a mu European Union anagwirizana mu 2016 kuti azisunga uthengawu zaka 5, ndipo pakatha miyezi 6 dzina limaphimbidwa, ngakhale likhoza kuvundukulidwa pakakhala chilolezo. Britain imatsatira nthawi zomwezo. America, malinga ndi pangano lake la 2012 ndi European Union, ikhoza kusunga mpaka zaka 15.

Kwa inu amene mumakwera ndege ya ku Johannesburg kukapikula katundu, musaganize kuti izi ndi za ku Ulaya kokha. South Africa inakhazikitsa njira yofunsa ndi kuyankha ndege isananyamuke pokonzekera mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa 2010. Mmalawi amaloledwa kukhala masiku 30 popanda viza. Kuyambira mu 2014, wopyola masikuwo salipitsidwanso chindapusa potuluka, koma amaletsedwa kulowanso: chaka chimodzi ngati wapyola ndi masiku osaposa 30, zaka 5 ngati wapyola kuposa pamenepo. Chiletso chimenecho chili mu kompyuta yawo, ndipo munthu akhoza kukumana nacho ali pa kauntala ku Lumbadzi kapena ku Chileka, tikiti atalipira kale.

Chimene ndinachita ndisanabwerere kumudzi ndicho ndikufuna ambiri achidziwe. Lamulo la ku Britain loteteza uthenga wa anthu, la 2018, limapatsa munthu aliyense ufulu wopempha kuona zimene nthambi ya boma ikusunga zonena za iye, ngakhale asakhale nzika ya kumeneko. Amati subject access request, imapemphedwa pa intaneti ku Home Office, unduna woona za anthu olowa ndi otuluka m'dzikolo, ndipo ndi yaulere. Mwana wanga anandithandiza kulemba, tinatumiza zithunzi za mapasipoti onse awiri. Yankho linafika pa imelo ine nditabwerera kale ku Area 25.

Linali pepala la mizeremizere. Mzere uliwonse unali ulendo: tsiku, nambala ya ndege, kochokera, kopita, dzina, nambala ya pasipoti. Ndinatsata ndi chala. Ulendo wanga weniweni unalipo, wopita ndi wobwerera. Koma pamwamba pake panali mzere wina, wa Lamulungu lija, m'dzina la malemu amuna anga ndi nambala ya pasipoti yakale. Ndinakhala nthawi ndikuuyang'ana. Mayi ameneyo sanakwere ndege, anabwerera ku Area 25 ndi ufa wake, koma papepala anali paulendo. Pepalalo linali ndi chenjezo lonena kuti zolembedwazo zitengedwe ngati cholinga cha munthu choyenda, osati umboni woti anayendadi. Ndiye kuti zimene mnyamata uja analemba pa foni yake ali pakhonde kwawo zinapita momwemo, osasintha, mpaka kukalowa m'kaundula wa boma la dziko lina.

Kusiyana kwa "anafuna kuyenda" ndi "anayenda" si nkhani yaing'ono. Mu 2025 manyuzipepala a ku Britain anaulula kuti mabanja oposa 23,000 anaimitsiridwa ndalama zothandizira ana chifukwa kaundula wa maulendo ankaonetsa ngati anatuluka m'dziko osabwerera. Ena mwa iwo anali atabukitsa ndege koma osakwera, ena anabwerera kudzera ku Dublin, m'dziko la Ireland. Boma linapepesa. Nditamva zimenezo ndinakumbukira mzere wanga uja.

Maganizo anga pankhaniyi sali mbali imodzi. Ndikakhala m'ndege ndimafuna kuti munthu wa zolinga zoipa akhale atagwidwa asanakwere. Ndaphunzitsa atsikana ambiri, ndipo ndikudziwa kuti alipo ana a kwathu kuno amene anatengedwa ndi malonjezo a ntchito kunja n'kukapezeka ali mu ukapolo. Ngati kuona kuti munthu mmodzi walipirira matikiti a atsikana angapo osadziwana kungapulumutse ngakhale mmodzi, ine sinditsutsa. Mayi wa ku Manchester uja ankagwira ntchito yake, ndipo anaigwira mwaulemu.

Chimene chimandipweteka n'chakuti palibe amene amatiuza. Uthenga umenewu umatengedwa kwa aliyense, osati okayikiridwa okha, ndipo mfundo zimene kompyuta imagwiritsa ntchito posankha woti afunsidwe sazilengeza. Komanso momwe ife timagulira matikiti si momwe amagulira anthu a kumene makompyutawo anapangidwira. Ife timalipira ndalama pamanja kapena pa foni, timagula kudzera kwa munthu, wolipira amakhala m'bale wa dzina lina, ambiri tilibe imelo ndiye ejenti amalemba yake, ndipo amayi ambiri tili ndi maina awiri. Kwathu zonsezi ndi moyo wa tsiku ndi tsiku, koma zikaikidwa pamodzi pa sikirini ya munthu amene sakutidziwa zimaoneka ngati pali chobisika. Khoti lalikulu la European Union linagamula mu Juni 2022 kuti kusunga uthenga wa aliyense zaka 5 mosasankha n'kupyola muyeso, ndipo kuti kompyuta ikaloza munthu payenera kukhala munthu wamoyo woti aunikenso. Ndinasangalala kumva kuti alipo oweruza amene anaona zimene ine ndinamva ndili pa mpando uja. Kuno kwathu tili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024, ndipo ndikulakalaka kuti lifike mpaka pa zithunzi za mapasipoti zimene zadzaza m'mafoni a anthu ogulitsa matikiti.

Mnyamata uja anabwera kunyumba kudzapepesa. Ndinamufunsa za abambo awiri aja. Anati anali makasitomala ena opita tsiku lomwelo, ndipo anatiphatikiza pa bukingi imodzi kuti ntchito ichepe. Anati amachita choncho nthawi zonse. Ndinamufunsa kuti, "Mwanangu, mmodzi wa iwo akanakhala kuti akufunidwa ndi apolisi, ine ndikanayankha chiyani?" Anangoweramitsa mutu. Sankadziwa. Ndalama anabweza theka, pang'onopang'ono.

Tsopano amayi anzanga a kumpingo akamakonzekera ulendo amabwera kwa ine, ndipo timakhala pakhonde ndi pasipoti ndi tikiti. Timayamba ndi dzina. Wina amawerenga mizere iwiri ya pansi ija mokweza, wina akuloza pa tikiti, chilembo ndi chilembo, tsiku lomwelo limene tikiti yatuluka, chifukwa kukonza cholakwika kumaphweka pakadali nthawi. Ngati pasipoti ndi yatsopano, mutumizireni ejenti chithunzi chatsopano ngakhale anene kuti ali nacho, ndipo mumuuze afufute chakale. Mufunseni mosapita m'mbali kuti pa bukingi pali anthu angati. Ngati wakuphatikizani ndi anthu osawadziwa, akupatuleni mukhale ndi nambala yanuyanu. Foni ndi imelo zolembedwa pa bukingi zikhale zanu kapena za mwana wanu, chifukwa ndege ikasintha nthawi uthenga umapita kumeneko. Kanambala ka zilembo zisanu ndi chimodzi kaja mukhoza kukalowetsa pa webusaiti ya kampani ya ndege pamodzi ndi dzina lanu, n'kuona nokha zimene zalembedwa.

Pachifukwa chomwecho, musajambule tikiti kapena kapepala kokwerera ndege n'kuika pa Facebook kapena pa sitetasi ya WhatsApp. Ndikudziwa chimwemwe cha ulendo woyamba, koma aliyense woona kanambalako ndi dzina lanu akhoza kutsegula bukingi yanu, ndipo timizere takuda ta pa kapepalako timawerengeka ndi foni wamba.

Dziwani amene walipira tikiti, dzina lake lonse ndi ubale wanu, ndipo zimene mudzayankhe pachipata zifanane ndi zimene munalemba popempha viza. Mukafunsidwa, nenani zoona ngakhale zikuoneka zosakoma, chifukwa wofunsayo nthawi zambiri yankho ali nalo kale patsogolo pake. Ulendo ukalephereka, musangousiya: uzani kampani ya ndege kuti iuchotse, ndipo sungani uthenga wotsimikiza. Mukayenda, sungani timapepala tokwerera ndege, makamaka ta ulendo wotuluka m'dziko la eni, poti ndi umboni woti munachoka nthawi yake isanathe.

Chaka chino ndapemphanso viza, mdzukulu wayamba kuyenda ndipo akuti amaitana "agogo" akaona foni. Pa fomu pali funso lofunsa ngati munayamba mwadziwikapo ndi dzina lina. Ulendo woyamba sindikumbukira kuti amene anandithandiza kudzaza anayankhapo chiyani. Ulendo uno ndinadzaza ndekha, mwana wanga ali pa foni, ndipo ndinalembapo dzina la malemu amuna anga. Pasipoti yakale ija ndaiika mu envulopu imodzi ndi kalata ya ukwati, timapepala ta ndege ta 2024 ndi pepala la mizeremizere lija, ndipo envulopuyo idzakhala m'chikwama cha m'manja, osati cha ufa.